Zimene makina alemba za thupi langa ndi zanga

Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya chipatala muno mu Zomba, kaya ku Matawale, ku Domasi kapena pa chipatala chachikulu cha mumzinda, akudziwa chimene wodwala amagwira m'manja akamadikira kuitanidwa. Ndi kabuku ka kuchipatala, kaja amayi amakakulunga mu jumbo kuti kasanyowe ndi mvula, kamene kunyumba kamasungidwa m'sutikesi pamodzi ndi chiphaso cha unzika ndi makalata a ubatizo. M'kabukumo achipatala amalembamo matenda, mankhwala, kulemera kwa mwana, kuthamanga kwa magazi ndi tsiku lodzabweranso, ndipo akamaliza amakabweza kwa mwini wake, iye n'kupita nako kwawo. Tinazolowera kwambiri mchitidwe umenewu moti sitionanso mfundo yaikulu imene ili m'kati mwake, yoti mbiri ya thupi la munthu imayenda ndi munthuyo. Mayi wa ku Jali akadwala ali ku Mzuzu, namwino wa kumeneko amatsegula buku lomwelo n'kupitiriza pamene mnzake analekezera, popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Ndikulemba chifukwa ndikuona mfundo imeneyi ikutipulumuka pang'onopang'ono, popanda amene anakhala pansi n'kugamula kuti ithe. Ntchito yolemba ikuchoka m'dzanja la dokotala kupita m'makina, ndipo ambiri mwa makinawo sabweza buku kwa mwini wake. Amayeza, amasunga, ena amatumiza zimene apeza ku makompyuta a kampani imene inawapanga kutsidya kwa nyanja, koma munthu amene magazi ake ndi mtima wake zikuwerengedwa amabwerera kwawo chimanjamanja. Maganizo anga ndi akuti chilichonse chimene makina alemba kuchokera m'thupi la munthu, munthuyo ali ndi ufulu wochiona, wochitenga ndiponso wochipereka kwa dokotala aliyense amene iye wamusankha, ndipo dziko lathu lisamagule kapena kulandira ngati mphatso makina amene amakana zimenezi.

Nkhaniyi inandifika kudzera mwa amalume anga, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo amakhala kufupi ndi Chinamwali. Mtima wawo unayamba kugunda mochedwa kwambiri, anagwa kawiri ali kumunda, ndipo abale titasonkha ndalama anapita kunja kumene anawaika kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kamene madokotala amakatcha pacemaker. Anabwerako ali bwino, ndi kachipsera pachifuwa chakumanzere, kalata yowatulutsa m'chipatala, ndi kakhadi kolembedwa dzina la kampani ndi nambala ya kachipangizoko. Patapita miyezi, usiku wina anamva chizungulire ndi mtima kuthamanga mosadziwika bwino. M'mawa tinawatengera kuchipatala, ndipo dokotala amene anawaona anachita zonse zimene akanatha: anayeza BP, anajambula kagundidwe ka mtima, anafunsa mafunso ambiri. Pomaliza anati, "Bambo, panopa mtima ukugunda bwino. Zimene zinachitika usiku zalembedwa m'kachipangizoko, koma ife tilibe makina okawerengera."

Tinaganiza zoti mwina tipemphe lipoti la ulendo womaliza umene kachipangizoko kanawerengedwa kunja kuja, kuti dokotala wathu adziwe mmene kanatcheredwera. Yankho loyamba linali lakuti malipoti otere amaperekedwa kwa dokotala, osati kwa wodwala. Panadutsa masabata angapo, makalata ndi mafoni odya ndalama, kuti pepala la masamba ochepa litipeze. M'masiku odikirawo amalume ananena mawu amene sanandichoke m'mutu mpaka lero: "Mtima ndi wanga, ndalama zinali zathu, nanga kaundula wa mtimawo akhala bwanji wa eni?"

Kuti funso limeneli limveke kulemera kwake, tiyenera kudziwa chimene kachipangizo kotere kamachita. Sikangotumiza timphamvu ta magetsi tokumbutsa mtima kugunda. Kamawerenganso kugunda kulikonse usana ndi usiku, kamasunga nthawi imene mtima unasokonekera ndi utali wa kusokonekerako, kamalemba kuchuluka kwa ntchito imene kagwira, mphamvu yotsala mu batire ndi mmene timawaya tolowa mumtima tikugwirira ntchito. Kena kamphamvu koposa, kotchedwa ICD, kamathanso kumenya mtima ndi magetsi ukayamba kugunda mwa njira yoti ingaphe munthu. Zipangizo zimenezi zimapangidwa ndi makampani ochepa pa dziko lonse, monga Medtronic, Abbott, Boston Scientific ndi Biotronik, ndipo kampani iliyonse ili ndi makina akeake owerengera ndi kutchera zipangizo zake. M'mayiko olemera wodwala amapatsidwanso kabokosi koika pambali pa bedi, kapena pulogalamu ya pafoni, zimene zimatumiza uthenga wa mtima ku makompyuta a kampani, ndipo dokotala amakauwerengera kumeneko. Njira yonseyi inakonzedwa kuti uthenga uzichoka m'thupi, kupita ku kampani, kenako kwa dokotala. Mwini thupi sanaikidwe pa mzerewo.

Wina angaganize kuti ili ndi vuto la ife osauka okha, koma ngakhale ku America, kumene makina ambiri oterewa amapangidwa, odwala akhala akulimbana nalo. Hugo Campos, amene anaikidwa ICD ya Medtronic mu 2007 chifukwa cha matenda okhuthalitsa mnofu wa mtima, anakhala zaka zambiri akupempha kuti aziona uthenga wa kachipangizo kake momwe dokotala wake amauonera. Anafika pogula yekha makina akale owerengera pa intaneti ndi kulipira maphunziro a momwe zipangizozi zimagwirira ntchito, n'cholinga choti amvetse chinthu chimene chinali m'chifuwa mwake. Chodabwitsa n'chakuti lamulo la kumeneko loteteza eni mapulogalamu a kompyuta likanatha kumuona ngati wolakwa akanathyola chotchinga cha pulogalamu kuti atenge uthenga wa mtima wake. Mu 2015 iye ndi anzake anapambana, boma litavomereza kuti wodwala wotenga uthenga wa m'chipangizo chimene chili m'thupi lake asaimbidwe mlandu pansi pa lamulolo. Mu 2017 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linatulutsa malangizo onena kuti makampani akhoza kupereka uthenga wotere kwa wodwala akaupempha. Liwu lakuti "akhoza" likuonetsa pamene nkhondo inali itafika: chilolezo chinaperekedwa, koma sanawakakamize.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti uthenga umene mwini wake amavutika kuupeza, ena amaupeza mosavuta. Mu 2016 nyumba ya bambo wina ku Ohio inapsa, apolisi anamukayikira kuti anaiyatsa yekha, ndipo anatenga chilolezo cha khoti chokawerengera pacemaker yake kuti aone ngati mtima wake unathamanga mogwirizana ndi zimene iye ananena za usiku umenewo. Chaka chotsatira woweruza anavomereza kuti uthengawo ugwiritsidwe ntchito ngati umboni. Mu 2018 atolankhani a ProPublica anaulula kuti makina othandiza anthu kupuma akagona amatumiza uthenga wa maola amene munthu wawagwiritsa ntchito, ndipo makampani a inshuwalansi amaugwiritsa ntchito pogamula ngati apitirize kulipira kapena ayi. Ngati wapolisi angathe kuwerenga mtima wa munthu, ngati wa inshuwalansi angathe kuwerenga tulo take, palibe chifukwa chomveka chouzira munthuyo kuti manambalawo ndi ovuta kwa iye kapena kuti ndi achinsinsi.

Anthu odwala matenda a shuga ndiwo anaonetsa dziko chimene chimachitika khomo likatseguka. Pali kachipangizo komata pakhungu kamene kamayeza shuga mphindi 5 zilizonse, kutanthauza maulendo 288 pa tsiku, pamene wodzibaya chala amayeza kangapo kokha. Mu 2013 John Costik, bambo wa mwana wamng'ono wodwala shuga, anapeza njira yotengera manambala m'kachipangizo ka mwana wake kuti aziwaona pa foni mwanayo ali kusukulu, ndipo makolo ena atamva anagwirizana naye n'kupanga pulogalamu yaulere yotchedwa Nightscout. Dana Lewis, amene ankagona tulo tofa nato moti belu la kachipangizo kake silinkamudzutsa shuga akatsika usiku, anagwiritsa ntchito njira yomweyo kuti apange belu lofuula kwambiri. Kuchokera pamenepo iye ndi anzake analumikiza kachipangizo koyezera ndi pampu ya insulin, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, kuti mankhwala azilowa okha molingana ndi shuga, ndipo mu 2015 anaika njirayo poyera kwaulere m'dzina la OpenAPS. Makina oyamba a kampani ogwira ntchito yofanana ndi imeneyi anavomerezedwa ku America mu 2016, odwala atayamba kale. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi wodzuka pakati pa usiku kukaona ngati mwana wake akupumabe ali ndi chifukwa chofufuzira manambala amenewo chimene katswiri wa mu ofesi sangakhale nacho.

Ndikudziwa zimene owerenga ena akunena pofika pano: kuti m'dziko limene nthawi zina chipatala chimasowa panado ndi magulovu, kukamba za pacemaker ndi nkhani ya anthu ochepa a m'tauni. Ndikumvetsa, koma sindikuvomereza. Makina olemba za thupi ali kale pakati pathu, ndipo ambiri amagwira ntchito pa anthu wamba. Makina oyeza kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi, makina a GeneXpert opeza chifuwa chachikulu, makina ojambula chifuwa amene chithunzi chake chimakhala mu kompyuta m'malo mwa filimu ija tinkapatsidwa mu envulopu, makina ounika mwana ali m'mimba, kachipangizo kopana chala poyeza mpweya m'magazi, makina a shuga ndi a BP amene anthu akugula m'mafamase, zonsezi zikulemba. Ku Neno kunachitika kale kafukufuku woyesa kachipangizo komata pakhungu kaja pa anthu a kumudzi odwala shuga wa mtundu woyamba. Zimene lero zikuyesedwa pa anthu ochepa, mawa zidzafika ndi galimoto ya abwenzi a chitukuko, zitasainiridwa kale mgwirizano umene wodwala sadzauona. M'mera mpoyamba, nthawi yoikira malire ndi ino, makina asanadzaze zipinda zonse.

Komanso dziko lathu linaphunzira kale, pa matenda a Edzi, kuti nambala m'manja mwa wodwala ndi mankhwala paokha. Uthenga wa "Tizirombo Tochepa = Thanzi" umene Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe akhala akufalitsa wagona pa mfundo yoti munthu amene akumwa ma ARV adziwe zotsatira za magazi ake, azimvetse, ndipo zimulimbikitse kumwa mankhwala mokhulupirika. Munthu amene wauzidwa kuti tizilombo tatsika mpaka makina sakutiona amatuluka m'chipindamo atawongoka msana. Amene wangouzidwa kuti "pitirizani kumwa, zili bwino" satenga kanthu kogwirika kupita nako kwawo. Ngati tinavomereza zimenezi pa HIV, tilibe chifukwa chozikanira pa mtima, pa shuga kapena pa impso.

Chodandaula chimene chimamveka kwambiri kuchokera kwa achipatala n'chakuti wodwala adzachita mantha ndi manambala amene sakuwamvetsa, adzayamba kudzisinthira mankhwala, kapena adzadzaza mzere ndi mafunso pamene namwino ali yekha ndi anthu mazana. Nkhawa imeneyi si yabodza, ndipo amene anagwirapo ntchito m'chipinda cha odwala oyendera pa Lolemba m'mawa sangaipeputse. Koma tikaiyang'ana bwino, ndi nkhawa yomweyo imene ikanatiletsa kupereka kabuku ka kuchipatala kwa agogo osadziwa kuwerenga. Agogowo sawerenga Chingerezi cha dokotala, komabe bukulo limawapulumutsa, chifukwa amalipereka kwa amene angawerenge: namwino wina, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, mdzukulu wa Fomu 4. Amalume sankafuna lipoti lija kuti adzitchere okha mtima. Ankalifuna kuti alipereke kwa dokotala wa mu Zomba amene anali patsogolo pawo, wofunitsitsa kuthandiza koma womangidwa manja. Kuno kwathu ufulu wa wodwala wotenga uthenga wake ndi ufulunso wa dokotala wa kuno wochiza wodwala wake popanda kugwadira kampani ya kutali. Ndipo mayi aliyense wa kusikelo amamvetsa mzere wa kulemera kwa mwana ukamakwera ndi ukamatsika, chifukwa wina anatenga nthawi kumufotokozera. Mankhwala a kusamvetsa ndi kufotokoza, ndipo makampani amene amatha kupanga kachipangizo kokhala m'chifuwa kwa zaka zambiri sangalephere kupanga tsamba limodzi losavuta kumva.

Makampani nawo amanena za chitetezo, kuti kutsegula zipangizo kungapatse mpata anthu oipa olowerera m'makompyuta. Pamenepa pali choonadi. Mu 2017 ku America zipangizo za mtima pafupifupi 465,000 za St. Jude Medical, kampani imene inali itagulidwa ndi Abbott, zinafunika kukonzedwa pulogalamu chifukwa panapezeka mpata woti munthu wina akanatha kuzisokoneza. Koma kuwerenga ndi kulamula ndi zinthu ziwiri zosiyana. Banki imandionetsa ndalama zanga pa foni tsiku lililonse popanda kundipatsa kiyi wa chipinda chosungira ndalama. Palibe amene akupempha kuti wodwala azisintha liwiro la mtima wake ali pakhonde. Pempho ndi lakuti aone zimene zalembedwa, atenge kope lake, m'njira yoti kompyuta ina iliyonse ingathe kulitsegula. Ndipo kampani ikanena kuti pulogalamu ndi chinsinsi cha malonda ake, tivomereze kuti pulogalamu ndi yake, koma kugunda kwa mtima wa amalume usiku uja sikunapangidwe ku fakitale.

Pali nkhawa ina imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonsezi, ndipo imachokera m'nyumba zathu momwe. Kabuku ka kuchipatala kali ndi chilema chakuti aliyense woligwira amaliwerenga: mwamuna, apongozi, bwana wa pantchito. Pali amayi amene amasunga mabuku awiri, lina lopita nalo kolandirira ma ARV, lina loonekera kunyumba, chifukwa choopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa pa banja. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo kawirikawiri imakhala m'thumba la bambo. Tikangoti zotsatira zonse zizitumizidwa pa foni popanda kufunsa, tidzaika anthu ena pa moto m'dzina la ufulu. N'chifukwa chake ufulu umene ndikuunena uyenera kukhala wa wodwala mwini, wosankha yekha: kaya akufuna pepala, kaya uthenga wa pafoni, kaya kungouzidwa pakamwa chitseko chili chotseka, kaya sakufuna kutenga kalikonse lero. Ndiponso gadiyani, ngakhale atakhala kuti ndiye akulipira, asamapatsidwe uthenga wa munthu wamkulu wanzeru zake popanda mwini wake kuvomera. Ineyo lipoti la amalume ndinalipempha atandituma iwo, ndipo chipatala chikanakhala ndi ufulu wonse wofuna umboni wa zimenezo. Chimene sichinali choyenera ndi kukaniza mwini wake yemwe.

Sindikunenanso kuti tibwerere ku pepala lokha. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Marichi 2023 kuno ku Zomba, ku Phalombe, ku Mulanje ndi madera ena, mabuku a kuchipatala anapita ndi madzi pamodzi ndi ziwiya, ndipo amene mbiri yawo inali mu kompyuta ya chipatala anali ndi poyambira. Koma kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri lopita kumayiko akunja, tinaonanso mmene ntchito za umoyo zodalira ndalama za abwenzi zimagwedezekera m'masiku ochepa. Kompyuta imene ikuyendera ndalama za mwini ikhoza kuzima, ndipo kampani ikhoza kutseka kapena kusiya kuthandiza makina akale. Chitetezo chenicheni chili pokhala ndi makope awiri, lina ku chipatala, lina kwa wodwala. Chosangalatsa n'chakuti njira imeneyi inayesedwa kale kwathu konkuno. Makompyuta ogwira ndi chala pa galasi amene bungwe la Baobab Health linayambitsa m'zipatala zathu anakonzedwa kuti azisindikiza kapepala komata m'buku la wodwala, kotero kuti zimene zalowa m'makina zimabwereranso m'manja mwa mwini wake. Amene anaganiza zimenezo analemekeza mwambo umene anaupeza, ndipo muyeso umenewo ndi woyenera kuyezera makina ena onse obwera pambuyo.

Kumbali ya malamulo, sitikuyambira pa nthaka youma. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo gawo 37 limapereka ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Kenako kunabwera lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, limene limaika za umoyo m'gulu la uthenga wofunika kusamalidwa mwapadera, limapatsa munthu ufulu woona zimene ena akusunga zokhudza iye ndi kukonzetsa zolakwika, ndipo linaika bungwe loona za mafoni, mawailesi ndi intaneti la MACRA kukhala loyang'anira. Awa ndi maziko abwino. Koma lamulo lolembedwa m'Chingerezi, losungidwa m'mashelefu a maloya, silifika pa benchi ya ku Matawale, ndipo palokha silingatsegule makina amene anakhomedwa kale ku fakitale. Mphunzitsi wopuma wa ku Chinamwali sangasumire kampani imene ilibe ngakhale ofesi m'dziko muno.

N'chifukwa chake ndikuti mphamvu yathu yeniyeni ili pa nthawi yogula. Unduna wa Zaumoyo, bungwe logulira zipatala za boma mankhwala ndi zipangizo la Central Medical Stores Trust, zipatala za mishoni ndi za anthu apadera, akamasaina mgwirizano wogula kapena kulandira makina, alembemo kuti makinawo azitulutsa zotsatira za wodwala m'njira yoti iye angatenge, kuti uthenga wonse ukhale wotheka kuusamutsa mgwirizano ukatha, ndipo zidziwike poyera kumene uthengawo ukutumizidwa ndi amene akuuona. Tisaope kuti tikupempha zosatheka. Mayiko a mu European Union akhala ndi lamulo la GDPR kuyambira mu Meyi 2018, lopatsa munthu ufulu woona uthenga wake ndi kuusamutsa, ndipo kuyambira pa 12 Seputembala 2025 lamulo lawo lina, Data Act, likupatsa ogwiritsa ntchito zipangizo zolumikizidwa pa intaneti, kuphatikizapo za chipatala, ufulu wopeza uthenga umene zipangizozo zimatulutsa. Makampani omwewo amene amatigulitsa ife akukakamizika kale kutsegula khomo kwa wodwala wa ku Berlin ndi ku Lisbon. Ngati khomolo lidzakhala lotseka kwa wodwala wa ku Thondwe, chidzakhala chifukwa chakuti amene anatisainira sanafunse.

Amene amatumiza odwala kunja, kaya ndi boma, kampani ya inshuwalansi kapena banja lodzisonkhera, ali ndi mbali yawo. Munthu asakwere ndege yobwerera ali ndi kachipangizo m'thupi popanda lipoti lonse la mmene katcheredwera, komanso popanda kudziwa kumene kangawerengedwe akafika kuno. Funso limeneli liyenera kufunsidwa opaleshoni isanachitike, chifukwa nthawi zina lingasinthe ngakhale mtundu wa kachipangizo koyenera kuikidwa. Ife sitinalifunse, chifukwa sitinkadziwa kuti liripo, ndipo mantha a masiku amenewo anali pa moyo wokha. Ndikanakondanso kuona MACRA ndi bungwe loyang'anira madokotala la Medical Council of Malawi atatulutsa tsamba limodzi m'Chichewa ndi m'Chiyao, lomatidwa pakhoma pafupi ndi zenera lolandirira mankhwala, lonena momveka kuti wodwala akhoza kupempha zotsatira zake, kwa yani, ndipo akakanizidwa akadandaule kuti. Ophunzira za malamulo a ku University of Malawi, pano pa Chirunga, ali pa mtunda woyenda pansi kuchokera ku chipatala chachikulu, ndipo akhoza kukhala oyamba kuthandiza odwala kulemba makalata otere, kuti lamulo la 2024 liyesedwe ndi anthu enieni.

Mzinda wathu uno umadziwa bwino kulemera kwa zolembedwa. Kuno ndiko kuli nyumba yosungira zolemba zakale za dziko, kuno ndiko kuli National Statistical Office yowerenga anthu a dziko lonse, ndipo nyumba zakale za boma zimene zili m'munsi mwa phiri zimatikumbutsa nthawi imene Amalawi ankalembedwa m'makaundula amene iwo sankaloledwa kuwatsegula. Sindikufuna kuti thupi la munthu likhale dera latsopano lolembedwa mwa njira imeneyo, mwini wake akungouzidwa zimene ena aona kuti n'zomukwanira.

Amalume anapita kukawerengetsa kachipangizo kawo patapita nthawi, pamene tinapeza kumene kuli makina oyenera. Kanaonetsadi kuti usiku uja mtima unasokonekera kwa kanthawi, ndipo dokotala anawasinthira mankhwala. Ulendo umenewu sanadzuke pa mpando mpaka atapatsidwa pepala losindikizidwa. Anapempha mwaulemu, katswiriyo anadabwa pang'ono, kenako anadina batani ndipo masamba anatuluka, chinthu chosatenga ngakhale mphindi 2. Atafika kunyumba anawapinda bwinobwino, anawalumikiza ndi pini kuchikuto cha m'kati cha kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo pamwamba analembapo ndi bolopeni yofiira, ngati mmene ankachongera mabuku a ana asukulu, tsiku ndi zaka zotsala za batire.